Ndemanga yanga pa ka game stick ka "magemu 10,000", patatha miyezi itatu

Aise ndakhala nako miyezi itatu tsopano ka game stick kaja kadzadza m'mashopu a zamagetsi masiku ano, kooneka ngati fulashi yonenepa kamene umangokabaya kumbuyo kwa TV pa HDMI, ndiye ndati ndilembe chilungamo chake poti anthu akundifunsa kuti n'kogula kapena ayi. Ndinakagula ku Limbe mu shopu ina yake, pabokosi dzina la kampani palibe olo, angolemba zilembo zikuluzikulu kuti 4K ndi magemu 10,000. Mkatimo muli ka stick ko, ma padi awiri opanda nthambo, kachingwe ka USB kopatsira moto, ka risiva ka ma padi ndi memory card ya 64GB. Mabatire ugule wekha, padi iliyonse imadya awiri a AAA.

Ndinagulira mwana wa achemwali anga amene ndimakhala naye, ali sitandade 6 ndipo amangoti ankolo PS4, ankolo PS4 tsiku ndi tsiku ngati ndalama ndimatola pansi. Koma ndisaname, theka la mtima ndinkadzigulira ndekha. Ife tinakula ndi ma TV game aja a katiriji yachikasu, ikakana umaizula n'kuiuzira mpweya ngati ukukoleza mbaula, adaputa ikutentha moti ukhoza kusitira yunifolomu, madala akukalipa kuti mundiphera TV ndi zidole zanuzo. Amene anakhala nayo akukumbuka kuti pakatirijipo ankalemba 9999999 in 1 koma ukalowa umapeza magemu ndi omwewo asanu kapena asanu ndi limodzi akungobwerezedwa. Ndiye dziwani kuti bodza lija silinafe, langosamukira mu memory card. Mndandanda ndi wautali zoona, chala chimachita kutopa, koma Mario yekha alimo kambirimbiri, wina amusintha mtundu wa zovala, wina amupatsa mutu wachilendo, ena ambiri ndi a Chijapanizi okhaokha osadziwa kuti start ndi pati, kwinako ndi mahjong ndi magemu a makhadi oti palibe angawatsegule. Amene timasewera zenizeni kunyumba kuno sakwana 40.

Koma 40 amenewo, eee, ndi moto. Tsiku loyamba ndinatsegula Contra ndipo chala chinakumbuka chokha code ija ya Konami, mmwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere kumanja kumanzere kumanja, B, A, miyoyo 30 yabwera, mwana uja kundiyang'ana ngati ndine mfiti. Battle City, imene ambirife timaidziwa kuti Tank 1990, ndiyo yatigwirizanitsa kwambiri chifukwa imafuna anthu awiri omvana, wina aziteteza ka chiwombankhanga kaja pansi wina azipita kutsogolo, ndipo mwanayu anawombera yekha chiwombankhanga chathu kawiri konse asanamvetse kuti ndiye nyumba yathu imeneyo. Magemu a NES (makina akale a Nintendo amene ma TV game athu aja ankatengera), a Super Nintendo ndi a Sega Mega Drive onse amayenda bho, Sonic akuthamanga osadukiza, Street Fighter II nyimbo zake zili mommuja. Apa sindikudandaula chilichonse.

Chimene chandidabwitsa n'choti magemu akalewa sanakalambe momwe ndinkaopera. Super Mario Bros. ndi ya 1985, yonse ndi ma kilobyte pafupifupi 40, kuchepa kuposa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp, koma mmene amadumphira Mario, mmene amatererekera ukasiya kuthamanga, zonse anazipima bwinobwino. Nthawi imeneyo kunalibe zoti gemu tiitulutse kaye tidzakonza ndi update, ikalowa mu katiriji yalowa basi, ndiye akatswiri aja ankayenera kumaliza ntchito asanagulitse. Inde zinyalala zinaliponso zambiri, umboni wake ndi magemu masauzande ali mu khadimu amene sitiwakhudza, koma amene anali abwino ndi abwinobe mpaka lero.

Osati ndikunyoza zamakono ayi. Msuweni wanga ali ndi PS4 ndipo ndinasewerako God of War ija ya 2018, kunena zoona ndinangoti kukamwa yasa, nkhwangwa ija ukaiponya n'kuiitana imabwerera m'manja mpaka padi kunjenjemera, nkhani yake ya bambo ndi mwana kukugwira mtima, kamera osadula chiyambire mpaka mapeto. Zimenezo ka stick kanga sikangalote. Vuto la magemu ambiri a masiku ano kwa ife kuno ndi bandulo, umagula disiki ndi ndalama zako koma ukailowetsa ikuti dikira ndidawunilode ma GB angapo kaye, ena opitirira 100GB alipo, ndiye munthu wogula bandulo ya sabata uyambira pati. Ka stick aka intaneti sikaidziwa n'komwe, wayatsa wasewera.

Tsopano zonyansa zake, ndipo zilipo ndithu. Choyamba 4K ija iwalani. Magemu a NES anapangidwa pa 256x240 kuti azioneka pa TV zamsana zija, ndiye palibe matsenga angawasandutse 4K, chimene kamachita n'kungokoka chithunzi kuti chidzadze sikilini yamakono ndipo anthu onse amaoneka onenepa ngati adya za pa ukwati. Lowani mu settings muike 4:3, m'mbali mukhala mwakuda koma chithunzi chibwerera mwakale. Chachiwiri magemu a PlayStation 1 amakalemera. Ena opepuka amayenda koma Tekken 3, imene ndinkaifunitsitsa, ikafika potentha mawu amayamba kuthetheka ndipo zibakera zimachita ngati akumenyana m'madzi. Crash Bandicoot imayenda koma pamafunika kudumpha pa nthawi yake yeniyeni ndiye ukadina batani iye amachedwa pang'ono, wagwera m'dzenje, mpaka kuyamba kudzikayikira kuti kapena ndakalamba. Nditaika TV pa Game Mode komanso kutulutsa ka risiva kuti kasabisale kuseri kwa TV zinachepako koma sizinatheretu.

Ma padi ndiye fodya weniweni. Opepuka ngati mulibe kanthu mkati, D-pad (batani la mtanda loyendetsera lija) yolimba, hadouken ya Ryu, moto uja amaponya mu Street Fighter II, imene ndinkaitulutsa nditatsinzina pano imatuluka kamodzi pa katatu. Padi yachiwiri batani la R1 linayamba kumira patangotha mwezi. Mabatire otchipa a pamsika satha sabata ngati ana ali pa holide, bola kugula otchaja.

Chinandipweteka kwambiri n'choti ogulitsa uja nditamufunsa za PS2 anati bwana zonse zilimo. Mulibe. Ndipo sikangathe n'komwe, mphamvu yake ndi yochepa. Ndiye amene mukufuna PES 6 ija ya 2006, ya Adriano wa Inter woombera ngati mfuti, imene tinkathera ndalama za mandasi m'tinyumba ta magemu kumsika, musadzivutitse, sakani PS2 yeniyeni. Chimene ndinapezamo ndi Winning Eleven ya PS1, wolengeza akukuwa m'Chijapanizi, ndipo ndinachita zomwe aliyense ankachita, Roberto Carlos kumuchotsa kumbuyo kumuika kutsogolo azithamanga yekha. Mwana uja wozolowera FIFA ya kwa anzake anaseka mitu ya makona ija mpaka misozi, kenako ndinamuthira 5 kwa 0 anasiya kuseka. Duck Hunt, ija yowombera abakha pa TV ndi mfuti yachidole, nayo ilimo koma ndi yongokongoletsa mndandanda, mfuti yake palibe, ndipo olo ikanakhalapo mfuti zija zimagwira pa TV zamsana zokha osati ma flat awa.

Langizo limodzi lofunika, mukangogula koperani zonse za mu memory card muike pa laputopu kapena pa khadi ina yabwino. Khadi imene amaikamo ndi yotchipa, ine magetsi anathima tili mkati mosewera, atabwera ka stick kanangoima pa logo osapitirira, mwayi ndinali nditakopera kale apo ayi bwenzi nkhani itathera pompo. Ma save onse anapita koma magemu ndinabwezeretsa. Pano ndimakapatsa moto kuchokera pa power bank osati pa USB ya TV, ndipo poti kamatentha mukasewera nthawi yaitali ndinagula kachingwe kowonjezera ka HDMI kuti kazilendewera pa mphepo.

Nyenyezi ndikupereka zitatu pa zisanu, ndipo zitatuzo ndi za magemuwo, ka chipangizoko pakokha ndi ma padi ake sikayenera olo ziwiri. Ngati muli ndi ana ang'onoang'ono kapena mukungofuna Contra ndi Mario madzulo mukaweruka, gulani, mtengo wake sufika olo pafupi ndi PS4 yogwiritsidwapo kale ntchito. Ngati mtima uli pa Tekken ndi mpira wa PS2 sungani ndalamayo muwonjezere.

Mwana wa achemwali uja PS4 akuifunabe, sanasinthe maganizo. Ndamuuza kuti tidzakambirana tsiku limene adzadutse level 3 ya Contra, pa mathithi paja, ndi miyoyo itatu yokha popanda code. Sabata ino ndi yachisanu, ndipo dzulo wandidyera miyoyo yanga iwiri ine nditapita kukatunga madzi akumwa.