Mfuti yanga ya semi-auto ya .308 patatha miyezi ndikusaka nayo: kodi imalowetsa chipolopolo mwakachetechete?

Mnzanga wina amene timapita naye kosaka wayamba kusirira ma semi-auto, mfuti zomwe zimalowetsa zokha chipolopolo china ukangowombera, ndiye tsiku lina anandifunsa kuti, "Achimwene, yanu ija mumatha kulowetsa chipolopolo mu chamber nyama ili pafupi osaithawitsa?" Ndinayamba kumuyankha pa foni koma nkhani inatalika, ndiye ndati bola ndingolemba zonse, poti nditangoigula mfutiyi ndinaitamanda kwambiri ndipo pano nyengo yonse yosaka yadutsa, maganizo anga sali pomwe anali paja.

Mfutiyo ndi ya mtundu wa AR, ija ya thupi lalikulu, ya .308 Winchester. Dzina la kampani ndi la wogulitsa ndasiya dala. Zabwino zake tithane nazo msanga. Imalasa bwino, pa mamita 100 zipolopolo zimagwera moyandikana mosadandaulitsa. Paphewa sigunda ngati bolt action (mfuti yolowetsa chipolopolo chilichonse ndi dzanja) ya .308 yomweyo, ndipo chipolopolo chachiwiri chimakhala chalowa kale usanaphethire. Magazini sanandivutepo. Trigger ndi yolimba pang'ono koma chala chinazolowera. Penti wayamba kusupuka pomwe pamakhula lamba, zimenezo sindiwerengera. Kulemera ndiye kulipo, ukaikapo sikopu ndi magazini odzaza pofika masana phewa limakhala likudandaula.

Vuto ndi phokoso. Mfuti zimenezi anazipanga kuti ukoke charging handle, chogwirira cha kumbuyo, mpaka kumapeto kenako uyisiye, sipuling'i iponye kutsogolo ndi mphamvu yake yonse bolt, chitsulo chomwe chimakankhira chipolopolo mu chamber, malo ake a kumbuyo kwa mpope, n'kutsekapo. Zimamveka kuti khwaa! kuphatikizapo kachitseko ka pambali kotseka bowo lotulukira makoko kakatseguka kamamenya thupi la mfuti, ndiye sipuling'i nayo imatsala ikulira mu chipaipi cha kumbuyo. Ku range, malo oyesererako kuwombera, palibe amene amazimva. Koma mbandakucha kuthengo kuli zii, mphepo kulibe, phokoso limenelo limafika kutali zedi, ndipo nguluwe ngakhale maso ake si akuthwa, makutu ndi mphuno sizimunamiza.

Ena anena kuti bwanji osangolowetsa chipolopolo ukutsika galimoto, kuika pa safe, basi. Inde ambiri amatero ndipo poyenda wekha masana palibe cholakwika. Koma ine sindikwera pa nsanja chipolopolo chili mu chamber, sindidumpha mpanda chili momo, sindiyenda mumdima kumbuyo kwa mnzanga chili momo, ndipo m'galimoto ndiye ayi ndithu. Ndiye tsiku limodzi umatulutsa ndi kulowetsa kangapo, ndipo nthawi yomwe ukufunika kulowetsa ndi yomweyo wafika pamalo pomwe sukufuna kumveka.

Ndikugula ndinafunsa zimenezi mwachindunji. Bambo wogulitsayo anatenga mfuti, anakoka handle pang'onopang'ono, anaiperekeza kutsogolo, bolt inatseka bwinobwino popanda ngakhale kaphokoso. Kenako analoza batani lija la kumanja kumbuyo, forward assist, n'kunena kuti, "Bwana, ikatsala pang'ono mungodina apa, yatseka. Alenje onse amatero." Zomwe anachitazo zinali zoona, kungoti mu chamber munalibe kanthu. Bolt yopanda chipolopolo imatseka ngakhale utaikankha ndi kachala kakang'ono.

Muli chipolopolo nkhani imasintha. Bolt imayenera kuchikankha kuchoka pa milomo ya magazini, chikwere pa feed ramp, kamtsetse ka pakhomo pa chamber, chilowe mu chamber, ndipo pamapeto penipeni pali ntchito ziwiri zofuna mphamvu nthawi imodzi. Kambedza kotulutsira khoko, extractor, kamayenera kudumpha mkombero wa kumbuyo kwa chipolopolo kuti kagwire, ndipo ejector, kachitsulo koponyera khoko kunja, yomwe ili pa nkhope ya bolt imayenera kukankhidwa kulowa mkati, zonsezi zili ndi masipuling'i olimba. Zikatheka zimenezo m'pamene bolt imazungulira pang'ono, madigiri 22 ndi theka, mano ake n'kukolana ndi a kumbuyo kwa mpope. Ukaisiya iwuluke, liwiro lake limamaliza zonsezi. Ukaiperekeza mwaulemu imaima patatsala mamilimita ochepa. Zili ngati chitseko cha galimoto chomwe watseka mosafuna kudzutsa mwana, ukachiyang'ana chatseka koma chagwira theka.

Yanga inkaima pamenepo nthawi zonse. Ndikadina forward assist, batani limangolowa lofewa, bolt osasuntha. Ndinkayesa kukankha carrier, chitsulo chonyamula bolt, ndi chala chachikulu kudzera pa bowo lotulukira makoko, nthawi zina imatseka, nthawi zambiri ayi, chala chimangoterereka pa mafuta.

Tsiku lomwe zinandipweteka mtima kunali kachisisira, ndakwera pa nsanja m'mbali mwa dambo, ndalowetsa chipolopolo mwa njira yomwe anandionetsa ija, ndadina batani kawiri, mumdimamo zikuoneka ngati zili bwino. Patapita nthawi kunatulukira nguluwe zingapo, yaikulu ili patsogolo, inaima chopingasa pa mamita ngati 50, mphepo ikuchokera kwa iyo kubwera kwa ine. Mlenje aliyense akudziwa kuti mwayi wotere subwera kawirikawiri. Ndinachotsa safe, ndinapuma, ndinakoka trigger. Khethe! Basi. Nguluwe inadzutsa mutu, makutu njo, ndipo kuti ndikonze panalibe njira ina koma kukoka handle n'kuisiya iwuluke, chipolopolo chabwinobwino n'kugwera pansi pa nsanja, khwaa uja n'kumveka dambo lonse. Ndinangoona michira ikulowa m'bango. Nditatsika n'kutola chipolopolocho, pa primer, kabatani ka kumbuyo komwe kamayatsa wonga, panali kachidindo kosaoneka bwino n'komwe. Mphamvu ya hammer, kanyundo komwe trigger imamasula, inathera pokankha carrier kuti itseke m'malo momenya firing pin, kamsomali kogunda primer. Apa pokha ndiwayamikire amene anaipanga, chifukwa mfutiyi anaikonza kuti firing pin isafike pa primer bolt isanakhome, ndipo .308 itaphulika bolt ili yosakhoma bwenzi tikunena za chipatala osati za nguluwe.

Mbiri ya batani la forward assist ndi yosangalatsa. Eugene Stoner, mmisiri amene anayambitsa mfuti za mtundu wa AR, popanga AR-10 ku kampani ya ArmaLite m'zaka za m'ma 1950 sanaikepo forward assist, ndipo sankaifuna, maganizo ake anali akuti chipolopolo chikakana kulowa pali chifukwa, kuchikakamiza n'kuwonjezera vuto. Asilikali a pamtunda a ku America ndi amene anaumirira kuti iikidwe, n'chifukwa chake mfuti yawo ya M16A1 ya mu 1967 ili nayo pomwe asilikali a mumlengalenga anatenga yawo yopanda. Anthu akhala akukangana za batanili mpaka lero, koma kwa mlenje amene akufuna kutseka bolt mwakachetechete ndi lofunika kwambiri, bola lizigwira ntchito. Ndiye pa AR-15, yaing'ono ya mtundu womwewu, zigawo zimagwirizana pafupifupi kulikonse, koma pa zazikulu za .308 palibe muyezo umodzi, pali kapangidwe ka kampani ya DPMS, pali ka ArmaLite, ndipo makampani ena amasakaniza zawozawo.

Zimenezi anandifotokozera ndi mmisiri wa mfuti yemwe ndinamupititsira nditatopa. Mkuluyo anatsegula mfuti, anasolola carrier n'kundipatsa m'manja kuti ndisisite mbali yake ya kumanja. Yosalala see, yopanda mano. Anati, "Onani bambo, batani lanuli lili ndi kadzino kamene kamayenera kukola m'mizere ya apa. Mizereyo palibe. Mwakhala mukudina mphepo." Kenako anachotsa extractor, pansi pake panali sipuling'i yolimba kwambiri yozunguliridwa ndi kamphira, ndipo kutsogolo kwa kambedzako kunali kakuthwa komwe sanapale bwino ku fakitale. Anandionetsa makoko anga akale, onse anali ndi kachilonda kowala pa mkombero pomwe extractor imaluma m'malo motsetsereka. Ine ndinkaziona zipserazo koma ndinkati ndi mmene semi-auto imachitira.

Anaitanitsa carrier ya mano yogwirizana ndi thupi la mfuti yanga, zomwe zinatenga masabata, anasalaza nkhope ya extractor, anachotsa kamphira kaja, anatsuka chamber ndi malo okolana mano omwe munali mwaye wouma, kenako anayeza headspace, mpata womwe chipolopolo chimakhalamo bolt ikatseka, ndi ma gauge ake a go ndi no-go. Ntchito yabwino ndithu. Bilu yake ndi imene inandikhalitsa pansi, inali yokwana kugula sikopu ina yabwinobwino, pa mfuti yomwe ndinagula yatsopano m'bokosi.

Panopa zimatheka, ndipo ndimachita chonchi. Ndisanachoke ndimakoka handle chamber ili yopanda kanthu kuti hammer itcheredwe, chifukwa pa AR safe silowa hammer isanatcheredwe, komanso ikakhala yotchera kale handle imakokeka mofewa. Ndimaika pa safe, kachitseko ka pambali ndimakatsegula ndekha ndi chala kuti kasadzamenye. M'magazini ndimachotsamo chipolopolo chimodzi, akadzaza kwambiri amakanikiza carrier kuchokera pansi. Ndikafika, mpope waloza pansi kutali ndi munthu, chala kunja kwa trigger, ndimakoka handle mpaka kumapeto penipeni, ukalekeza panjira bolt imadutsa pamwamba pa chipolopolo osachitenga, kenako ndimaiperekeza osaisiya. Ikaima ndimadina forward assist ndi chikhatho kawiri kapena katatu mpaka ndimve kakuti thi. Ndikatero ndimapapasa carrier ndi chala pa bowo paja kuti ndimve ngati yafika kutsogolo, kenako ndimakankha handle kuti latch yake igwire. Safe nayo pochotsa ndimaigwira ndi zala ziwiri, ukaikankha ndi chala chimodzi imalira. Si kuti zimakhala zii kwenikweni, kukhulana kwa zitsulo kumamvekabe pang'ono, koma gwape wina ankadya chapafupi ndithu ndikuchita zimenezi ndipo sanadzutse mutu.

Chenjezo limodzi kwa amene akuphunzira, yesani ndi zipolopolo zabodza zija za dummy, osati zenizeni m'nyumba. Ndipo chipolopolo chikakana kutseka mutadina mwachikatikati musachimenye, chitulutseni muone, pamenepo Stoner ankanena zoona. Komanso firing pin ya ma AR ambiri ndi yoyandama, ilibe sipuling'i yoibweza, nthawi iliyonse bolt ikatseka mwamphamvu imasiya kachidindo pa primer, ndiye chipolopolo chimodzi chomwechomwecho ukamachilowetsa ndi kuchitulutsa masiku ambiri primer imatha kuwonongeka, mutu wa chipolopolonso umayamba kulowa mkati mwa khoko, makamaka za soft point, za nsonga yofewa, zomwe nsonga yake imaphwanyika pa feed ramp. Zoterozo ine ndimaziika padera, ndimakaziwombera ku range.

Ndiye kodi ndi yabwino? Zimatengera tsiku lomwe mwandifunsa. Tsiku lomwe nguluwe ziwiri zinagwa motsatizana chifukwa sindinachotse diso pa sikopu, ndikanakuuzani kuti bolt action ndi zachikale. Tsiku lomwe ndakwera ndi kutsika pa nsanja kangapo, ndikuchita mwambo wonse uja uku mnzanga wa bolt action wangotseka yake ndi zala ziwiri osamveka n'komwe, ndimadzifunsa kuti ndinkafuna chiyani. Amene amasaka moyenda pang'onopang'ono m'nkhalango yowirira, kuwombera kamodzi patsiku, semi-auto sikumuwonjezera kanthu kupatula kulemera. Ndipo musanatulutse ndalama onani malamulo a komwe muli, ku Britain ma semi-auto a centrefire, monga .308 yangayi, analetsedwa mu 1988, ku Germany mlenje saloledwa kuikamo zipolopolo zoposa 3, ku Pennsylvania ku America sungasakire nayo nyama zikuluzikulu. Mukamagula muuzeni wogulitsa akuonetseni ndi dummy m'magazini, osati chamber yopanda kanthu, ndipo atsegule muone ngati carrier ili ndi mano.

Wogulitsa wangayo ndiye wandiyendetsa. Ulendo woyamba anati vuto ndi zipolopolo zanga, ndinasintha kampani, chimodzimodzi. Wachiwiri anati mfuti sinaphwe, ndiwombere kaye mabokosi angapo zitsulo zizolowerane, ndipo mukudziwa mtengo wa .308, mabokosiwo ndinagulanso kwa iye yemweyo. Kenako anatulutsa kabuku ka mfuti n'kundiwerengera pomwe palembedwa kuti handle uziisiya osaiperekeza, zomwe ndi zoona zalembedwadi, koma ndinamufunsa kuti, "Nanga bambo, tsiku lija munkandionetsa chiyani? Nanga batani losakola kanthu likutani pa mfuti yomwe munandilipiritsa mtengo wathunthu?" Anangoti adzafunsa ku kampani. Nditabwera ndi risiti ya mmisiri ndi carrier yakale m'manja, mawu anasintha, akuti poti munthu wina anaitsegula waranti yatha.

Zomwe wandilonjeza mpaka pano ndi kuchotsera pang'ono pa bokosi la zipolopolo, kapena aigule yekha mfutiyo pa mtengo wongopitirira theka la womwe ndinapereka, carrier yatsopano ili momwemo. Zonse ndakana. Mfuti ndiisunga chifukwa ndalama zokonzera ndalipira kale ndipo kugulitsa pano n'kuluza kawiri, koma zipolopolo ndayamba kugula kwina, ndipo kalata yofuna kuti andibwezere ndalama ya carrier ndatumiza ku kampani mwachindunji, pamodzi ndi zithunzi za makoko olumidwa aja ndi lipoti la mmisiri.