Lenzi ya Canon EF 50mm f/1.8 STM: Yothandiza Pamalo Amdima, Koma Imafuna Mpata Woimirira Patali

Anthu ambiri amene amagula kamera yawo yoyamba ya Canon, monga 1300D, 2000D, 4000D kapena 700D, amaipeza ili kale ndi lenzi ya EF-S 18-55mm, ndipo kwa miyezi ingapo amakhutira nayo chifukwa imakoka zinthu zakutali komanso imakwanitsa gulu la anthu pachithunzi chimodzi. Kudandaula kumayamba tsiku limene apemphedwa kukajambula m'tchalitchi, muholo ya ukwati kapena pabalaza madzulo, pamene zithunzi zimatuluka zakuda, zina zogwedera, zina nkhope zitayera mbuu chifukwa cha fulashi ya pamwamba pa kamera. Zikatero, ambiri amaganiza kuti kamerayo ndi yachabechabe, n'kuyamba kusunga ndalama zogulira ina. Maganizo anga ndi akuti kawirikawiri vuto limakhala pa lenzi osati pa kamera, ndipo lenzi yotsika mtengo imene imathetsa vutoli ndi Canon EF 50mm f/1.8 STM, imene ndakhala ndikuigwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali pa kamera za sensa yaing'ono (sensa ndi kachipangizo ka mkati mwa kamera kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi).

Kampani ya Canon inatulutsa lenziyi mu 2015 kuti ilowe m'malo mwa EF 50mm f/1.8 II, imene inali pamsika kuyambira mu 1990. Yakaleyo inkajambula bwino ndithu, koma inali ya pulasitiki mpaka pamene imalumikizana ndi kamera, mota yake yoyendetsa magalasi inkachita phokoso, ndipo timapiko tisanu tokha totsekera kuwala tinkachititsa kuti magetsi akutali aoneke ngati tinthu ta makona asanu. Yatsopanoyi ili ndi polumikizira pachitsulo, timapiko tisanu ndi tiwiri, ndipo imatha kuona bwino chinthu chimene chili pa mtunda wa masentimita 35, pomwe yakale inkafuna masentimita 45. Imalemera magalamu 160 okha ndipo kukamwa kwake kumalandira fyuluta ya mamilimita 49. Itangotuluka inkagulitsidwa pafupifupi madola 125 a ku America, ndipo ngakhale mtengo wake m'makwacha umakwera motsatira mphamvu ya ndalama ndi zolipira pobweretsa katundu, ikadali m'gulu la malenzi otsika mtengo kwambiri a kampaniyi.

Chifukwa chachikulu chogulira lenziyi chili pa nambala ija ya f/1.8, ndipo ndi bwino kuimvetsa musanatulutse ndalama. Nambalayi imasonyeza kukula kwa bowo limene kuwala kumadutsa popita pa sensa, ndipo ikamachepa bowolo limakula. Lenzi ya 18-55mm mukaikokera kumapeto kwake, bowo lake silingatseguke kupitirira f/5.6, pamene iyi imatseguka mpaka f/1.8, kutanthauza kuti imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Tanthauzo la zimenezi pantchito ndi ili: m'tchalitchi momwe lenzi ya 18-55mm ikukukakamizani kujambula pa liwiro la shata (nthawi imene kamera imatseguka kuti kuwala kulowe) la 1/15 ya sekondi, limene ngakhale munthu wongopukusa mutu pang'ono amatuluka wogwedera, lenzi iyi imakulolani kufika cha pa 1/125 kapena 1/160 popanda kukweza ISO, nambala imene ikakwera imawalitsa chithunzi koma imabweretsa timadontho. Pa liwiro limenelo mkwati amene akuyenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi amaoneka bwino, ndipo simusokoneza mapemphero ndi kung'anima kwa fulashi. Magetsi akazima pakati pa phwando n'kutsala nyali za sola kapena kuwala kwa pawindo, mumapitirizabe ntchito. Kwa munthu wongoyamba kumene, palibe chida china cha mtengo wofanana ndi umenewu chimene chingasinthe zithunzi zake za m'nyumba kuposa ichi.

Bowo lalikululi limabweretsanso chinthu chimene anthu ambiri amachikonda akangochiona koyamba, chomwe ndi kuzimiririka kwa zinthu za kumbuyo kwa munthu. Mpanda wa malata, zovala zoyanika pachingwe kapena galimoto zoima kuseri zimasanduka mitundu yosakanikirana, ndipo diso la woonera limalunjika pankhope. Kuti zimenezi zichitike bwino, musaimike munthu chotsamira khoma kapena maluwa, koma mumusunthire kutsogolo mamita atatu kapena anayi, inu n'kuyandikira mpaka chithunzi chiyambire pachifuwa kupita kumutu. Mtunda wa pakati pa munthu ndi za kumbuyo kwake umagwira ntchito yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira.

Pamenepa m'pamene palinso msampha umene ndikufuna kuufotokoza mofatsa, chifukwa ndi umene umakhumudwitsa ambiri ogula lenziyi. Munthu akaona kukongola kwa f/1.8 amaisiya pomwepo tsiku lonse, kenaka akafika kunyumba n'kutsegula zithunzi pa kompyuta amapeza kuti zambiri sizikuoneka bwino m'maso, ndipo amati lenziyo ndi yowonongeka. Lenziyo imakhala ilibe vuto. Pa f/1.8, munthu ali pa mtunda wa mamita awiri, malo okhawo amene amaoneka bwino pa kamera ya sensa yaing'ono ndi pafupifupi masentimita 11 kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Kamera ikasankha yokha pogwira fokasi, kutanthauza malo amene ayenera kuoneka bwino, kawirikawiri imagwira chinthu chapafupi monga phewa, maluwa a m'manja kapena nsonga ya duku, ndipo maso amakhala atatuluka kale m'malo ochepawo. Njira yake ndi kuletsa kamera kusankha yokha, n'kusankha kadontho kamodzi ka fokasi, makamaka kapakati chifukwa pa kamera zimenezi ndi komwe kamagwira molondola kwambiri, kenaka n'kukalunjikitsa padiso limene lili pafupi ndi inu. Anthu akakhala awiri, monga mkwati ndi mkwatibwi, tsekani bowo kufika pa f/2.8 ndipo muwaimike molingana kuti wina asakhale kutsogolo kwa mnzake. Akakhala m'mizere iwiri, f/4 kapena f/5.6 ndi yofunika, pakuti pa f/4 muli pa mtunda wa mamita anayi malo ooneka bwino amafika pafupifupi mita imodzi.

Ngakhale fokasi italondola, lenziyi pa f/1.8 si yakuthwa kwenikweni. M'makona mumachita mdima pang'ono, ndipo pamene chinthu choyera kwambiri chikukumana ndi chakuda, monga kolala ya malaya oyera ndi suti, pamaoneka kamzere kapepo. Mukatseka pang'ono kufika pa f/2.2 kapena f/2.8 zofookazi zimachepa kwambiri, ndipo pa f/4 ndi f/5.6 zithunzi zake zimapikisana ndi za malenzi okwera mtengo kuposa iyi kangapo. Ine ndimaika kamera pa Av, pamene wojambula amasankha bowo ndipo kamera imasankha liwiro la shata, bowo pa f/2.5, ndipo f/1.8 ndimaisungira nthawi imene kuwala kwatheratu.

Chofooka chachikulu cha lenziyi, chimene ogulitsa satchula kawirikawiri, ndi kupapatiza kwa zimene imaona. Kamera zonse zimene ndatchula zili ndi sensa yaing'ono ija, yotchedwa APS-C, imene pa Canon imachititsa kuti lenzi ione ngati kuti kutalika kwake kwachulukitsidwa ndi 1.6, motero 50mm imaona mopapatiza ngati mmene 80mm imaonera pa kamera ya sensa yaikulu. Ilibenso zumu, choncho kuyandikira kapena kutalikira n'kwa miyendo yanu. Muli pa mtunda wa mamita atatu, chithunzi chopingasa chimakwana malo a mita imodzi ndi masentimita 30 okha. Kuti munthu woimirira akwane yense kuyambira kumutu mpaka kunsapato, muyenera kutembenuza kamera choimika n'kubwerera m'mbuyo mamita oposa anayi, ndipo gulu la achibale lotambalala mamita anayi limafuna kuti muime pafupifupi mamita asanu ndi anayi. Panja mpata wotere umapezeka, koma m'nyumba zathu zambiri mulibe. Pachinkhoswe chochitikira pabalaza, pamene ankhoswe, makolo ndi ovina ali mothithikana, mudzapeza msana wanu wagunda khoma koma anthu sanakwane pachithunzi. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti musagulitse lenzi yanu ya 18-55mm pofuna kupeza ndalama zogulira iyi, chifukwa ziwirizi zimathandizana. Amene ntchito yake yambiri ndi ya m'zipinda zazing'ono angachite bwino kuyang'ana kaye EF-S 24mm f/2.8 STM, imene imaona motambalala ngati 38mm, ngakhale kuti salowetsa kuwala kochuluka ngati iyi.

Lenziyi ilibenso makina oletsa kugwedera, amene malenzi ambiri a 18-55mm olembedwa kuti IS ali nawo. Pa chifukwa chimenechi liwiro la shata lisatsike pansi pa 1/100, ndipo kwa anthu ovina kapena ana othamanga yambirani pa 1/250 kupita m'mwamba. Ndi bwino kukweza ISO kufika pa 1600 kapena 3200 n'kulandira timadontho pachithunzi kusiyana ndi kubwera ndi chithunzi chogwedera, pakuti timadonthoto timatha kuchepetsedwa pa kompyuta pamene kugwedera kulibe mankhwala.

Masana padzuwa vuto limatembenuka. Kamera zongoyambirazi shata yake imalekezera pa 1/4000, koma dzuwa la masana pa ISO 100 ndi f/1.8 limafuna liwiro la cha pa 1/8000, motero chithunzi chimapsa ndi kuwala ndipo diresi yoyera imataya maluwa ake onse osokedwa. Njira yosavuta ndi kutseka bowo kufika pa f/2.8, koma yabwino koposa ndi kupita ndi anthu pamthunzi wa mtengo kapena pakhonde, nkhope zawo zitayang'ana kumene kukuchokera kuwala. Apa pali nkhani imene imatikhudza kwambiri ife ojambula anthu akhungu lakuda atavala zoyera, monga akwatibwi, amayi a mvano ndi oimba kwaya. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse n'kufunafuna pakati, choncho zovala zoyera zikachuluka imadetsa chithunzi ndipo nkhope zimabisika. Pamthunzi kusiyana kwa nkhope ndi chovala kumachepa, ndipo mukawonjezera kuwala pang'ono ndi batani lolembedwa Av+/-, kaya +1/3 kapena +2/3, khungu limaoneka mtundu wake weniweni popanda kuwononga chovala. Kujambula mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene sensa yalandira, kumakupatsani mpata wokonza zimene zatsala. Nthawi imene lenziyi imakongoletsa kwambiri khungu ndi ola lomaliza dzuwa lisanalowe, koma kuno kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 kapena 6 koloko ndipo mdima umagwa msanga, choncho ndi nzeru kugwirizana ndi eni mwambo pasadakhale kuti akupatseni akwati kwa mphindi zochepa nthawi imeneyo isanadutse.

Mota yoyendetsa fokasi ya lenziyi, yotchedwa STM, imayenda mofewa kuposa ya lenzi yakale, komabe imamveka ndithu, ndipo pojambula vidiyo ndi maikolofoni ya m'kamera kaphokoso kake kamalowa m'mawu. Mphete ya fokasi siigwira magalasi mwachindunji koma imatumiza uthenga ku mota, kotero kamera ikakhala yozimitsa kupotoza mpheteyo sikusuntha kanthu. Zimenezi zili ndi chenjezo lake: mukajambula chinthu chapafupi, kutsogolo kwa lenzi kumatuluka kunja, ndipo pa kamera zina kumakhala chomwecho mukazimitsa. Musanaike kamera m'chikwama, lunjikitsani fokasi pa chinthu chakutali kuti kutsogoloko kubwerere mkati, chifukwa kukagundidwa kuli kotuluka ndi mmene malenzi oterewa amawonongekera. Chotchingira dzuwa chake, ES-68, chimagulitsidwa padera, zimene sizindisangalatsa poona kuti n'kapulasitiki kamene kamatetezanso lenzi ikagunda khoma kapena benchi.

Lenziyi sinatsekedwe moletsa fumbi ndi madzi. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene fumbi limakhala paliponse, pewani kusintha malenzi panja, ndipo mukakakamizika chitani zimenezo kamera itayang'ana pansi. M'nyengo ya mvula, makamaka m'madera achinyezi a m'mbali mwa nyanja monga Nkhata Bay, Salima ndi Mangochi, mdani wake ndi nkhungu imene imamera mkati mwa magalasi ngati ulusi wa kangaude. Musaisunge m'chikwama chotseka kwa milungu yambiri, koma muziitulutsa pamalo ouma ndi owala, kapena muziisunga m'kontena yotseka bwino muli timapaketi ta silika toyamwa chinyezi.

Popeza Canon inayamba kusamukira ku makamera opanda kalirole a RF kuyambira mu 2018, malenzi a EF ogwiritsidwa kale ntchito achuluka pamsika, ndipo kugula yotere si kulakwa ngati mwaiyesa. Pitani ndi kamera yanu, walitsani tochi ya foni kudutsa m'magalasi lenzi ili yovula kuti muone nkhungu, chifunga kapena mikwingwirima, ndipo musade nkhawa ndi tifumbi tochepa chifukwa sitioneka pachithunzi. Jambulani zolemba za panyuzipepala pa f/1.8 muli chapambali pang'ono, kenaka kulitsani chithunzicho kuti muone ngati mawu amene munalunjikitsawo ndiwo akuoneka bwino. Jambulaninso pa f/8 ndi f/16 pofuna kutsimikiza kuti timapiko tikutseka msanga. Onetsetsani kuti palembedwa STM, chifukwa ena amagulitsa yakale ija kapena ya kampani ya Yongnuo, imene imafanana nayo maonekedwe, pa mtengo wa yatsopano. Amene ali ndi kamera ya Canon yopanda kalirole ya mtundu wa R akhoza kuigwiritsa ntchito kudzera pa adaputa ya EF-EOS R, koma ngati alibe adaputayo, RF 50mm f/1.8 STM imene inatuluka mu 2020 ndiyo yomuyenera. Eni kamera za Nikon za D3000 ndi D5000 pamodzi ndi zotsatira zake afunefune AF-S 50mm f/1.8G, osati yolembedwa f/1.8D, chifukwa imeneyo imadalira mota ya m'kamera imene kamera zimenezi zilibe, ndipo fokasi yake idzafuna kupotoza ndi dzanja nthawi zonse.