Galaja yomwe inamvetsera kaye difu isanaimasule

Difu ya galimoto yanga (bokosi la magiya logawa mphamvu ya injini ku mawilo) inamangidwanso ndi crown wheel (giya yaikulu), pinion (giya yaing'ono yoizunguliza) ndi mabering'i atsopano, koma pasanathe milungu iwiri inayamba kulira ngati mluzu nthawi iliyonse ndikachotsa phazi pa mafuta. Amene anaimanga anati magiya atsopano amatero mpaka atazolowerana. Yankholi silinandigwire mtima, choncho ndinapita nayo ku galaja ina, ndipo ndi ntchito ya galaja yachiwiriyi imene ndikulemba pano.

Chomwe chinandipatsa chikhulupiriro n'chakuti makaniko wake sanathamangire sipanala. Anakwera nane m'galimoto n'kundiuza kuti ndiponde mafuta, ndisiye, kenaka ndikhote uku ndi uku, iye ali tcheru kumbuyo. Anafotokoza kuti kulira kobwera posiya mafuta pokha nthawi zambiri kumaloza ku mabering'i a pinion omwe sanamangidwe mokwanira, pamene kulira kobwera poponda mafuta kumachokera ku mano a magiya omwe sakukumana pamalo oyenera. Kugogoda kapena kunjenjemera pokhota kukanatitengera ku magiya ang'onoang'ono a m'kati, koma kumeneko kunalibe.

Atatsegula, zinaoneka kuti anamva bwino. Womanga woyamba anabwezeramo crush sleeve (kachitsulo kofinyika kokhala pakati pa mabering'i a pinion) yakale, yomwe imayenera kugwira ntchito kamodzi kokha, motero pinion inkasewera pang'ono m'malo mwake. Makanikoyo anayezanso mpata wa pakati pa mano ndi dial indicator (chida choyezera timipata ting'onoting'ono) n'kupeza kuti unali waukulu kuposa malire a fakitale, omwe pa madifu ambiri amakhala pakati pa 0.15 ndi 0.25 mm. Apa ndi pomwe ndinaona kuleza mtima kwake, chifukwa anapaka utoto wachikasu pa mano a crown wheel, n'kuzunguliza magiyawo, n'kusintha mashimu (tizitsulo topyapyala tosendezera magiya) katatu konse mpaka chizindikiro cha utotowo chinakhala pakati pa dzino, osati kunsonga kapena kutsinde. Anathiramo oilo wa magiya wa mtundu wa GL-5 n'kundilangiza kuti ndimusinthe ndikayenda makilomita 800, komanso kuti ndisakoke katundu wolemera nthawi imeneyo isanakwane.

Zodandaulitsa ziliponso. Anandilonjeza masiku awiri koma galimoto inakhalako anayi, ndipo palibe amene anandiimbira foni kundidziwitsa za kuchedwako. Sanandilembere miyeso yomwe anapeza, chikhalirecho pepala lotere likanathandiza aliyense amene adzatsegule difuyi m'tsogolo, kotero ndinachita kuikopera ndekha.

Phokoso lalikulu lija linatha, ngakhale kuti kakulira kochepa kamamvekabe galimoto ikathamanga kwambiri. Izi anandichenjeza asanayambe ntchito, kuti mano omwe ayenda kale molakwika amakhala atadyeka ndipo mashimu sangawabwezere mwakale. Anandisiyira ufulu wosankha kugula magiya ena kapena kupirira kaphokosoko, ndipo ine ndinasankha kupirira.