Chaka chatha chitumizireni masamba a nshawa ku labotale

Mu Febuluwale chaka chatha ndinatumiza masamba a nshawa ku labotale ina ya ku Lusaka kuti akawayeze, ndipo ndinalonjeza anzanga a m'koparetivi kuti ndidzanena ngati ndalama ija inagwira ntchito. Tsopano ndinakolola, ndinagulitsa, ndabzalanso, ndipo nshawa zatsopano zayala kale m'munda. Nditha kulankhula.

Ndimalima malima atatu a nshawa (lima imodzi ndi kota ya hekitala), makamaka za mtundu wa MGV4, kufupi ndi Chipata, cha kumsewu wa ku Lundazi. Chaka chatha nshawa zina, makamaka za m'mbali mwa munda ndi pomwe mbewu sinamere bwino, zinangopinimbira. Masamba anali ang'onoang'ono, achikasu, opotana, ataunjikana pamodzi ngati kamtolo. Amayi anga atawerama n'kutembenuza tsamba limodzi anati, "Mwanawe, ili ndi khate la nshawa. Mbewu munagulayo inabwera ndi matenda." Ena ankati nthaka yatopa, ena ankati ndi madzi oima. Alangizi athu anati zikufanana ndi rosette, dzina la Chingerezi la khate lomwelo, limene anzathu a ku Malawi amatinso kadukutu, koma poti ine ndimagulitsako mbewu kwa alimi anzanga, ndinkafuna kumva zenizeni. Ndikanagulitsa bwanji mbewu ndili ndi chikaiko mumtima?

Mtolo woyamba ndinauwononga ndekha. Ndinathyola masamba masana, n'kuwamanga m'pulasitiki, n'kuwakweza basi. Anakafika atawola. Ulendo wachiwiri ndinathyola m'mamawa, masamba anthete a kunsonga, chomera chilichonse kathumba kakekake kolembedwa nambala, zonse m'bokosi la ayezi. Mathumba anali 12: asanu ndi atatu a nshawa zodwala, anayi a zooneka zathanzi. Amene mukufuna kutumiza, pamenepa ndiye musachitepo ulesi.

Zotsatira zinabwera patatha milungu itatu, ndipo kuchedwa kumeneku kumandiwawa mpaka lero. M'milungu itatuyo nsabwe za m'masamba zinali zitamwaza matenda pafupifupi lima yonse ya kumunsi. Chinanso, pepala linabwera m'Chingerezi cha akatswiri, zilembo zokhazokha, popanda mzere ndi umodzi womwe wouza mlimi chochita. Ndinachita kupita nalo kwa alangizi, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo n'kumandimasulira mzere ndi mzere.

Apa ndi pomwe ndinaphunzira chinthu chimene sindinkachidziwa zaka zonse ndalima nshawa. Matendawa sabwera ndi kachilombo kamodzi ayi. Pali vairasi ya GRV, pali kachidutswa kena kakang'ono kamene kamayenda nayo, komwe ndiko kamachititsa masamba kupotana ndi kuchita chikasu, ndiye chachitatu ndi vairasi ina ya GRAV, imene ntchito yake ndi kuveka zinzakezo chikhoto kuti nsabwe zithe kuzinyamula kuchoka pa chomera china kupita pa china. GRAV ikakhala yokha, nshawa zimaoneka zabwinobwino. N'chifukwa chake mwa mathumba anayi aja amene ndinkati ndi athanzi, awiri anapezeka nayo. Poyamba ndinaganiza kuti a labotale asokoneza manambala, koma ayi ndithu.

Kuyezako kuli pawiri. Njira ya ELISA, imene amathira madzi a masamba osinja m'timaenje 96 ta kambale ka pulasitiki n'kuona timene tasanduka tachikasu, imagwira GRAV chifukwa ili ndi chikhoto chake. GRV ilibe chikhoto, ndiye imafuna njira ina ya RT-PCR, yomwe ndi yodulirapo. Ine ndinalipira zonse ziwiri, ndipo ndikuona kuti ndinachita bwino, chifukwa ELISA yokha ikanandiuza theka la nkhani.

Kodi kuyezako kunapulumutsa munda wa chaka chatha? Ayi, ndipo pasakhale wina wokunamizani. Vairasi ikalowa m'chomera ilibe mankhwala. Zimene zinadwala zikadali zazing'ono, pozizula mu Meyi, zinali ndi timakoko tiwiri titatu topanda kanthu mkati. Phindu lake ndaliona pambuyo. Choyamba, ndinadziwa kuti khate la nshawa siliyenda m'mbewu. Ndinali nditakonzeka kukakangana ndi amene anandigulitsa mbewu, komanso kutaya yanga yonse yosunga. Mbewuyo inalibe mlandu. Wolakwa anali nsabwe zakuda zija zokhala kunsi kwa masamba, ndi ine mwini amene ndinabzala mochedwa, Khirisimasi itadutsa, poti ndinayamba ndathana ndi chimanga monga timachitira tonse kuno.

Amayi anavutika kuvomereza. Iwo amakumbukira 1995, pomwe matendawa anagwira mahekitala pafupifupi 43,000 a nshawa kuno kum'mawa kwa Zambia, ndipo m'mudzi mwawo anthu ankaloza mbewu. Ndinawaonetsa nshawa zomera zokha m'dimba mwathu, zotsalira za chaka chatha, nsabwe zili nyomi kunsonga. Anangoti, "Kani timaziweta tokha," n'kuyamba kuzula.

Chaka chino ndasintha zinthu zingapo. Ndinabzala ndi mvula yoyamba yeniyeni, nshawa patsogolo, chimanga pambuyo. Ndinabzala mothithikana ndipo ndinapachiza msanga pomwe sipanamere, chifukwa nsabwe zimakonda kutera pomwe dothi likuonekera. Ndimayendera munda kawiri pa mlungu, ndikaona chopinimbira ndimazula n'kukwirira kutali. Lima imodzi, ya kumunsi ija, ndabzala Chishango, mtundu umene umapirira khate. MGV4 sindinaisiye, chifukwa ogula amaikonda kufiira kwake ndi mafuta ake, koma pa matendawa ndi yofooka, chimodzimodzi Chalimbana wathu wakale. Mpaka pano ndazula zomera zosakwana dzanja limodzi m'munda wa MGV4, pomwe mu Chishango sindinaonemo n'chimodzi chomwe. Sindinganene kuti zonsezi ndi nzeru zanga zokha, poti nsabwe sizichuluka mofanana chaka ndi chaka, ndipo mvula ya chaka chino yagwa mosadukizadukiza.

Kwa amene mukulima nshawa za pakhomo, za nsinjiro ndi chiponde, sindikuona chifukwa chotayira ndalama ku labotale. Itanani alangizi, khate likakhwima limadziwika ndi maso. Koma ngati mumachulukitsa mbewu yogulitsa, kapena chikasu cha masamba chikukusokonezani, sonkhani ndalama pagulu, mutumize msanga mukangoona chomera choyamba, ndipo mufunsiretu kuti zotsatira zidzatenga masiku angati komanso ndani adzakumasulireni.

Ine ndidzayezetsanso, koma ulendo uno ndi khobwe. Alangizi anandichenjeza kuti mu khobwe ndi nyemba muli mavairasi ena amene amadutsa m'mbewu momwemo, ndipo m'mizere iwiri ya kumtunda ndaonamo masamba amawangamawanga. Bokosi la ayezi ndabwereka kale, ndithyola Lolemba m'mamawa.