Kanopi, chophimba chafulati kapena kutsitsa chitseko: n'chiti chimasungadi dizilo pa bakkie?

Mkangano wa dizilo pa bakkie, galimoto ya bodi kumbuyo ija, unabuka Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi ku Turffontein, kuno ku Joni. Achimwene ena amene amanyamula katundu wa anthu kupita naye ku Blantyre ankalumbira kuti akamabwerera opanda kanthu amatsitsa chitseko chakumbuyo, ndipo thanki imawafikitsa patali. Mnzathu wa Ranger anangoseka n'kumenya ndi chikhatho kanopi yake, denga lolimba lovindikira bodi lija, ati mankhwala ndi amenewa basi. Ine ndili ndi Hilux yakale ya single cab, ndipo zonse ziwirizi ndinaziyesapo ndisanagule chophimba chafulati chomwe kuno amati tonneau.

Za chitseko tithane nazo msanga, chifukwa achimwene aja akudzinamiza okha. Mphepo ikadumpha denga la kutsogolo siigwera m'bodi n'kukagunda chitseko ngati madzi pa khoma la damu ayi. M'bodi mumapangika mpweya wozungulirazungulira, ngati kamvulumvulu wogona chammbali, ndipo mphepo yochokera kutsogolo imangotsetsereka pamwamba pake. Mukafuna umboni, siyani masamba ouma m'bodi muyende pa msewu waukulu wa N1. Mukaima mudzawapeza ataunjikana kufupi ndi galasi la dalaivala, osati ku chitseko. Mukatsitsa chitsekocho mwaphwanya kamvulumvulu uja. Dizilo simupulumutsa, koma mahinjesi ndi zingwe zogwira chitseko zimangovutika ndi mabampu, komanso mbali za bodi zimasowa chozigwirizitsa. Chikhale chotseka.

Mpikisano weniweni uli pakati pa chophimba chafulati ndi kanopi.

Chophimba chafulati chimathandiza ndithu, chifukwa mphepo ikatsika kuchokera padenga imapeza poyenda posalala mpaka kumbuyo. Koma tisakokomeze, phindu lake ndi la pang'ono. Tiyerekeze kuti galimoto yanu imamwa malita 9 pa makilomita 100 alionse ndipo mumayenda makilomita 20,000 pa chaka. Amenewo ndi malita 1,800. Chophimba chitakupulumutsirani malita 2 pa malita 100 alionse, pa chaka mwasunga malita 36, osakwana ndi theka lomwe la thanki ya malita 80. Chophimba chansalu, chomwe n'chotchipa komanso chopepuka, chikhoza kubweza ndalama zake mukaleza mtima. Chachitsulo chopindika ngati chitseko cha shopu chija n'chokwera mtengo, ndipo amene akuchigula anene poyera kuti akugulira loko wake.

Chansalucho chili ndi khalidwe limodzi loipa. Malamba ake akatamuka chimayamba kukupiza, phaphapha, ngati nkhuku yogwidwa miyendo. Changa chinayamba zimenezi ndikudutsa pa tolgeti ya Kranskop, ndinachita kuima n'kuchimanga ndi chingwe cha mphira. Chikamakupiza chotero ndiye kuti chikulimbana ndi mphepo yomwe chimayenera kuilambalalitsa. Ubwino wake ndi wakuti tsiku lonyamula firiji kapena bedi mumangochipinda ngati mkeka, ntchito n'kupitirira.

Kanopi ndiyo anthu amaikhulupirira mopitirira. Poiona imaoneka ngati yasalaza galimoto yonse, ndipo n'zoona kuti yofanana msinkhu ndi denga imachotsa phompho lija pakati pa denga ndi bodi. Vuto lili kumbuyo. Kanopi imathera mwadzidzidzi ngati khoma, ndipo kuseri kwa khomalo kumatsala malo aakulu a mpweya wosokonekera omwe amaikokera galimoto m'mbuyo. Fumbi lija limadzaza pa galasi lakumbuyo la kanopi mukangodutsa msewu wadothi limakwezedwa ndi mpweya womwewo. Ndiye zomwe mwapindula pakati mumakazibwezanso kumapeto. Onjezanipo kulemera kwake, komwe pa makanopi ambiri kumaposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Mumalinyamula thumba limenelo tsiku lililonse, pa roboti iliyonse. Kanopi yaitali kuposa denga, ya anthu operekera katundu m'mashopu ija, ndiye imadya dizilo mosabisa, poti galimoto yakula nkhope.

Yomwe imagwirizana bwino ndi mphepo ndi yoyambira padenga n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka pa chitseko. Koma imeneyo imadya malo a katundu, ndipo ife timagulira bakkie malowo.

Sindikunyoza kanopi. Amene anaimapo pa roboti m'tauni muno zida za ntchito zili pambalambanda m'bodi, maso ali pa galasi loonera kumbuyo, akudziwa kufunika kwake. Mvula yamatalala ya masana a December isanyowetse simenti kapena katundu wa eni ake, kanopi ndiye yankho. Ndipo mzere ukatalika pa Beitbridge, umayala katoni m'menemo n'kugona tulo. Zifukwa zimenezi n'zokwanira kugulira kanopi. Dizilo yekha ndiye asanamiziridwe.

Tsopano funso lomwe tinalidumpha pa tchalitchi paja: galimotoyo imayenda kuti? Ngati ntchito yanu ndi ya pakati pa City Deep, Mayfair ndi Yeoville, kapena kukwawa pa M1 m'mawa, mphepo si mdani wanu. Pa liwiro la 40 kapena 50, dizilo amathera ponyamuka, poima ndi pa kulemera. Pamenepo kutsitsa zitsulo ndi majeke osafunika omwe akhala m'bodi chaka chonse kumaposa chophimba chilichonse. Komanso Joni ili pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi wa ku Durban. Mphepo imakankha mofooka kuno, choncho chilichonse chomwe mwagula kuti muizembe chimabwezanso zochepa. Mukatsika mapiri a Louis Trichardt kulowera ku Musina, kapena mukafika kuchigwa cha Zambezi ku Tete, m'pomwe imayamba kulemera.

Kwa a ulendo wakumudzi, makilomita oposa 1,700 kudzera ku Harare, Nyamapanda ndi Zobue, nkhani ya tonneau kulibe, poti katundu amapitirira denga. Chofunika ndi kamangidwe. Zazitali ndi zolemera zikhale kufupi ndi denga la dalaivala, mulu uzitsika cha kumbuyo, lona likokedwe mpaka lilire ukaligogoda, kenako neti pamwamba. Mphepete ya kutsogolo ya lona ipindidwire pansi pa katundu kuti mphepo isapeze polowera. Ndinaonapo bakkie ina pa tolgeti ya Carousel lona litafufuma ngati chimbudzi cha tenti, matiresi ataimikidwa chopingasa pamwamba penipeni. Mwini wake ankalipira dizilo wokokera khoma.

Zina n'zongochotsa, osalipira kanthu. Kaliyala wa padenga wopanda katundu, zitsulo zonyamulira makwerero zomwe zimangolira mluzu pa msewu waukulu, magetsi anayi oyalidwa padenga, matayala akuluakulu a m'matope pa galimoto yomwe matope imawaonera pa TV. Zonsezi zimamwa nawo. Kaliyala wanga ndinamumasula ndi sipanala ya 13 Loweruka lina, ali kuseri kwa nyumba, ndimamubwezera pokhapokha pakapezeka mapaipi kapena malata.

Koma choposa kanopi ndi tonneau kuziphatikiza ndi phazi lakumanja. Mphamvu ya mphepo siikwera mofanana ndi liwiro, imakwera modzichulukitsa. Kuchoka pa 100 kufika pa 120, liwiro lakwera ndi 20 pa 100 alionse, koma kukankha kwa mphepo kwakwera ndi 44. Palibe chophimba cha m'shopu chomwe chingabweze zimenezo. Kuchokera kuno kukafika pa Beitbridge ndi makilomita pafupifupi 550. Pa 120 ndi maola anayi ndi theka n'kanthu, pa 100 ndi maola asanu ndi theka. Ola limodzi limenelo mukalithamangira, mukaliwonongera pa mzere wa pa boda, mutakhala pa bampala mukudya chingwa chouma.

Musanakhulupirire ine kapena achimwene aja, yesani nokha, koma muyese mwachilungamo. Thirani pa pampu imodzimodzi, muuzeni wothira aime ikangodula koyamba, lembani makilomita, ndipo muyende msewu womwewo kupita ndi kubwera pa liwiro limodzi, matayala ali ndi mpweya wofanana. Musayese tsiku la mphepo ya August, idzakunamizani. Muziwerenga malita osati marandi, chifukwa mtengo umasintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, ndipo wa dizilo umasiyananso malo ndi malo. Ulendo umodzi sukwanira, poti kusiyana kwa tonneau n'kochepa moti mathiraki awiri okutsekerezani pa chitunda akhoza kukufufuta.

Ine ndinakhazikika pa chophimba chansalu, chitseko chotseka, denga lopanda kanthu ndi muvi pa 100. Kanopi ndinaigulitsa kwa mlamu wanga wa ku Rosettenville yemwe amakonza mapaipi a madzi. Iye zida zake zimagona m'galimoto, ndipo za mphepo sanandifunse n'komwe, anangofunsa ngati loko akugwira.