Buku la ababa linabwera pa kombi: za kalaibulale kathu ndi kubwerekana kwawo mabuku

Abale anzanga a kuno ku Harare, makamaka inu a ku Mufakose, Kambuzuma ndi Dzivarasekwa amene ana anu akukonzekera mayeso, ndati ndikuuzeni za kalaibulale kathu kaja kali kuseri kwa holo, poti ambiri mukamadutsa pamenepaja mumangoyesa ndi chipinda chosungiramo mipando. Dzina sinditchula chifukwa pali zina zomwe ndidandaule m'munsimu ndipo sindikufuna wina achite nazo manyazi, koma amene mumakhala kuno mukukadziwa.

Kunena zoona malowo ndi ochepa. Chipinda chimodzi, mashelefu asanu ndi limodzi, matebulo awiri aatali ndi mabenchi, basi. Ukalowa fungo loyamba ndi la polishi wa pansi ndi mapepala akale. Mabuku ambiri ndi olandira kuchokera kunja, ena abwino ndithu ena oti mwana wa kuno sangawatsegule n'komwe. Ndiye mukangoona mashelefu okha mutha kubwerera pakhomo. Chomwe chinandikopa ine ndi china, amayi amene amayang'anira pamenepo anagwirizana ndi anzawo a timalaibulale tina tinayi, kena ka tchalitchi, kena ka pasukulu, tina ta m'maholo ngati kathuka, kuti buku likasowa kwina azilifunsa kwa mnzawo. Ali ndi gulupu ya WhatsApp. Iwe umalemba dzina la buku pa kapepala, iwo amajambula kapepalako n'kuponya pa gulupu, amene ali nalo amayankha, ndiye Lachisanu amakumana m'tauni cha ku Market Square aliyense ndi chikwama chake n'kusinthana mabuku ngati amayi osinthana mbewu. Palibe galimoto, palibe kompyuta, ndi kombi ndi miyendo basi.

Ine ndinayamba ndi buku la mwana wanga wamkazi, la Accounts la Form 6. Mu shopu mtengo wake ndinangouona n'kutuluka, ndipo mabuku aja ogulitsidwa m'mbali mwa msewu ojambulidwa pa fotokope mumawadziwa, masamba ena osaoneka ena osowa, mwana amafika pakati pa funso n'kupeza yankho linadulidwa. Ndinalemba kapepala Lachinayi, amayi aja anati dikirani mai mwana tiona, ndipo Lachisanu la sabata yotsatira buku linali pa tebulo, lenileni, lokutidwa ndi pulasitiki, lili ndi chidindo cha laibulale ya pasukulu ina yomwe ine sindinapondeko. Masiku 8. Anatipatsa masabata awiri, tinawonjezera kamodzi kokha chifukwa kunali mwana wina akulidikira mbali ina ya tauni. Mwana wanga analemba manotsi makope awiri odzaza usiku ndi kandulo magetsi atazima. Pamenepo ndilibe chodandaula, ntchito inayenda bwino kuposa m'mene ndinkaganizira.

Koma nkhani yomwe yandilembetsa zonsezi ndi ya ababa.

Ababa anga anachoka ku Dedza ali mnyamata nthawi ya chitaganya, kuno kukutchedwa Salisbury, anagwira ntchito ya kukhitchini zaka zambirimbiri ndipo kumudzi anapitako kawiri kokha. Pano akalamba, miyendo ikuvuta koma maso akadali bwino akavala magalasi awo omanga ndi kawaya mbali imodzi. Chishona amalankhula, Chingerezi cha kuntchito amachidziwa, koma kuwerenga kokoma kwa iwo ndi Chinyanja, amatero iwo, mawu oti Chichewa sanawazolowere. M'nyumba muno zowerenga za chilankhulo chathu zilipo ziwiri, Baibulo ndi buku la nyimbo la ku CCAP, ndipo onsewo amawadziwa pamtima. Tsiku lina ataona mdzukulu wawo ali ndi buku lija anandifunsa kuti kodi mwananga, kumene mukutenga mabukuko, la kwathu silingapezeke? Lililonse, ngakhale la nthano za ana. Zinandikhudza kwambiri chifukwa ababa si munthu wopemphapempha.

Ndinapita. Amayi a ku laibulale ndi Mshona, anamvetsera bwinobwino, sanaseke kapena kundiyang'ana modabwa ngati m'mene ena amachitira ukatchula za Chichewa, anangoti dzina la buku? Ndinati ndilibe dzina, lililonse. Analemba pa kapepala kuti buku lililonse la Chewa kapena Nyanja, la sekuru, kutanthauza agogo m'Chishona. Sabata yoyamba zii. Yachiwiri zii. Sabata yachitatu ndinapeza kuti kapepala kaja kanasowa ndipo foni yawo inali itawonongeka ndiye uthenga pa gulupu sunapite n'komwe, tinayambiranso. Apa ndinakhumudwa ndithu, masabata atatu opita pachabe ababa akufunsa madzulo aliwonse. Koma atangokonzetsa foni anaikapo mtima, ankafunsa ngakhale anthu oti sali mu gulupu yawo. Sabata yachisanu ndi chiwiri anandiimbira okha ndi eyataimu yawo kuti bwerani, lapezeka.

Linachokera cha ku Highfield. Akuti banja lina mkulu wa mpingo atamwalira linapereka katoni ya mabuku ake, katoniyo inangokhala pansi pa tebulo osatsegulidwa poti palibe amene ankatha kuwerenga zomwe zinali m'katimo. Kabuku kake kopyapyala, chikuto chosokedwa ndi ulusi wakuda, mapepala ofiirira ngati masamba a fodya, kalembedwe kake kakale kaja kolemba c pomwe ife lero timalemba ch. Nditafika nalo kunyumba ababa anali pakhonde, analilandira ndi manja awiri, anayamba alinunkhiza kaye kenako n'kupukuta magalasi ndi malaya. Anawerenga mokweza chala chikuyenda pansi pa mzere, pang'onopang'ono, penapake n'kuima kuseka okha. Adzukulu awo amene Chichewa chawo chimathera pa moni ndi zikomo anasiya foni n'kukhala pansi, wamng'ono akufunsa kuti agogo nkhokwe n'chiyani, ababa n'kuyamba kufotokoza ndi manja m'mene ankaimangira kwawo. Nsima inazizira tsiku limenelo. Amayi aja anatilola kulisunga mwezi wathunthu poti panalibe wina wolidikira, ndipo polibweza ababa anaumirira kuti apite okha ndi ndodo yawo akathokoze, anafika n'kuwomba m'manja kuti mayi mwandichitira chinthu chachikulu, amayi aja akungoti aiwa sekuru, ndi ntchito yathu.

Tsopano zodandaula, ndipo ndinene mosabisa. Palibe ndandanda imodzi ya mabuku onse a timalaibulale tisanuti, aliyense ali ndi kope lake lolemba pamanja, ndiye kuti udziwe ngati buku lilipo zimadalira kuti wina akumbukire kapena adzuke akayang'ane pa shelefu. Lachisanu laibulale imatsekedwa pafupifupi tsiku lonse chifukwa munthu ndi mmodzi yemweyo, akapita m'tauni kukasinthana mabuku chitseko chimakhala ndi loko, ana obwera kudzawerenga amabwerera. Nthawi ya mvula chikwama china chinanyowa pa renki, mabuku atatu anafufuma. Ndipo chomwe chinandipweteka koposa ndinachidziwa mochedwa, ndalama ya kombi yopitira ndi kubwerera amayi aja amatulutsa m'thumba mwawo, data ya WhatsApp ndi yawonso. Tindalama tolembetsera tomwe timapereka pachaka timathera pa polishi, maloko ndi selotepi yomatira mabuku. Ndiye sabata yomwe kunyumba kwawo kwavuta, mabuku sayenda. Ine sindingawaimbe mlandu pamenepo.

Apa mpomwe mtima wanga uli, chifukwa zimenezi si zoti munthu mmodzi azisenza. Mwana wa achimwene anga ali ku Florida ku America, amasamalira okalamba, ndinamufotokozera nkhaniyi pa foni iye n'kuti aunt kuno buku ndimaitanitsa pa foni likafika amanditumizira uthenga. Kumeneko malaibulale a mzinda, a masukulu ndi a makoleji ali m'magulu ogwirizana, ndipo boma la steti yawo lili ndi thandizo la ndalama lopita ku maguluwo kuti azibwerekana zinthu, kuwonjezera pa ndalama zina zochokera ku boma lalikulu pansi pa lamulo la 1996 lotchedwa Library Services and Technology Act. Sindikunena kuti tifanane ndi America ayi, matumba athu ndi osiyana. Koma taonani chomwe akulipira, si kugulira laibulale iliyonse buku lomwelomwelo, akulipira njira yoti buku limodzi lifike kwa anthu ambiri. Ndi chomwe amayi athu akuchita ndi chikwama pa kombi, kusiyana kwake n'koti iwo palibe akuwapatsa kanthu.

Ndipo si kuti kuno nzeru imeneyi ndi yachilendo. Dziko lino lili ndi lamulo la National Library and Documentation Service la 1985. Ku Bulawayo kuli National Free Library imene inkadziwika ndi kubwereketsa mabuku pa positi kwa anthu ophunzira ali kutali komanso kuthandiza malaibulale kubwerekana. Mayunivesite ali ndi gulu lawo la ZULC lomwe amasonkherana kuti apeze mabuku ndi majenale a pa intaneti motchipa, kwathu ku Malawi nawonso anayambitsa MALICO mu 2003 pa cholinga chomwecho. Ku Nkayi, ku Matabeleland, anthu anafika poyendetsa mabuku pa ngolo zokokedwa ndi abulu kuti afike m'masukulu a kumidzi. Ndiye ngati ophunzira a pamwamba anaona kuti mutu umodzi susenza denga, bwanji mwana wa Form 6 wa ku Mufakose, amene bambo ake sangakwanitse buku ngakhale limodzi?

Ena munena kuti pitani ku Harare City Library pa Rotten Row, ndipo ndikuvomera, ndi malo abwino oti aliyense akawaone. Inayamba mu 1902 ikutchedwa Queen Victoria Memorial Library, inakonzedwanso ndi thandizo la dziko la Sweden, ndipo mlembi wa mabuku wotchuka Doris Lessing atamwalira mu 2013 anaisiyira mabuku ake oposa 3,000. Ine ndinapitako ndi mwana wanga kawiri, tinakhala mwakachetechete bwinobwino. Koma ababa sangakwere kombi kukafika kumeneko, ndipo mwana sangamapite m'tauni tsiku lililonse, ndalama yake ichokera kuti. Buku ndi lomwe liyenera kuyenda kubwera kuno.

China chomwe chimandiwawa, Constitution ya 2013 inatchula zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko lino ndipo Chewa chili pamenepo, ndiye choyamba kutchulidwa pa mndandandawo. Tinasangalala nthawi imeneyo, makolo athu amene anagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a dziko lino akuona chilankhulo chawo chalembedwa m'lamulo lalikulu. Koma kuti nkhalamba ipeze kabuku kamodzi ka chilankhulo chimenecho zinatenga masabata asanu ndi awiri ndi katoni ya munthu womwalira. Mabuku a Chichewa ku Lilongwe ndi ku Blantyre alipo, a Chinyanja ku Zambia alipo, mabasi amayenda pakati pa Harare ndi Blantyre kudzera ku Nyamapanda ndi Tete. Sitikufuna shelefu m'laibulale iliyonse ayi, katoni imodzi yokha yomazungulira, mwezi uno Mufakose mwezi wamawa Mbare kenako Epworth, ingatikwanire poyambira. Kathandizo kochepa kochokera ku boma kapena ku khonsolo, kolipira kombi ya Lachisanu, data, zikwama zosalowa madzi ndi munthu woti alembe mabuku onse pa ndandanda imodzi, kangasinthe zambiri kuposa kutibweretsera makatoni ena a mabuku oti palibe anawapempha.

Ndiye ndikapereka nyenyezi ndipereka 4 pa 5. Imodzi ndachotsa chifukwa cha kapepala kosowa kaja ndi loko wa Lachisanu, zinayi zonsezo ndi za amayi aja ndi anzawo. Mukafuna kupita tengani chitupa ndi chinthu chosonyeza komwe mukukhala, mwana apite ndi kholo tsiku loyamba. Lembani dzina la buku ndi la wolemba momveka bwino, ndipo jambulani kapepalako pa foni yanu musanapereke, ine ndinaphunzirapo. Pemphani msanga osadikira kuti mayeso atsala sabata imodzi, nthawi imeneyo buku lililonse limakhala ndi mzere. Bwezani pa tsiku lake chonde chifukwa mukachedwetsa, amene amachita manyazi kwa anzawo ndi amayi aja, ndipo laibulale inayo ikhoza kukana kubwereketsanso. Mukakhala ndi dola yapadera asiyireni ya kombi, sapempha koma imathandiza.

Komanso inu amene muli ndi masutikesi a agogo pansi pa bedi, tatsegulani muone. Ngati muli mabuku a Chichewa kapena Chinyanja, ngakhale ong'ambika, musayatsire moto, amayi aja amadziwa kusoka ndi kumata. Katoni ya ku Highfield ija akuti munali mabuku ena angapo, ababa alembetsa kale lachiwiri ndi dzanja lawo, iyi ndi sabata yachiwiri tikudikira ndipo Lachisanu likubwerali ine ndi amene ndiperekeze amayi aja ku Market Square kukanyamula chikwama.