Rover 3500 ya 1972 yochokera ku England: ndemanga yanga patatha miyezi 14

Bambo anga anali dalaivala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo galimoto ya abwana awo inali Rover 3500 yobiriwira. Loweruka lililonse ankaitsuka ine nditawagwirira ndowa. Ndiye nditafika poti ndikhoza kugula galimoto yapamtima, ndinadziwa kale yomwe ndikufuna. Ndinaitanitsa Rover 3500 ya 1972, ija amaitcha P6, kudzera mwa kampani ina yaing'ono ya ku England yomwe imagula ndi kutumiza magalimoto akale. Papita miyezi 14 chiilandirire. Galimoto ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, koma kampaniyo ndikuipatsa nyenyezi ziwiri.

Ndiyambe ndi zomwe anachita bwino. Mapepala anawayendetsa mosavuta. Buku la galimoto, limene kumeneko amalitcha V5C, anandijambulira ndisanalipire, ndipo nambala ya chasisi inagwirizana ndi ya pagalimoto. Anadziwitsanso a DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto kumeneko, kuti galimotoyo ikutuluka m'dziko osadzabweranso. Pa WhatsApp ankayankha tsiku lomwelo. Anandilangiza kuti ndiiike m'konteina, m'malo mwa sitima zija galimoto imalowa ikuyenda yokha, ndipo apa ananena zoona: tizitsulo tonyezimira, mabaji ndi magalasi a m'mbali zinafika zonse, palibe chinazulidwa panjira. Konteina inatsikira ku Beira, n'kubwera pa lole kudutsa Tete ndi Zóbuè mpaka pa chipata cha Mwanza. Kuchokera tsiku lolipira mpaka tsiku loiona ndi maso panatha masabata 13, ngakhale iwo anati asanu ndi atatu.

Dandaulo langa lalikulu ndi dzimbiri. Ananditumizira zithunzi zoposa 60, penti ikuwala, mipando yachikopa yosang'ambika, dashibodi yoyera bwino. Chithunzi cha kunsi panalibe ndi chimodzi chomwe, ndipo nditafunsa anangoti galimotoyo ndi yolimba. Chimene sindinkadziwa nthawiyo n'chakuti P6 inapangidwa mosiyana ndi magalimoto ambiri. Ili ndi chigoba chachitsulo mkati, ndipo zitseko, mapiko (malata ophimba mateyala) ngakhale denga amangozimangirira pamwamba pake ndi mabawuti. Munthu akhoza kusintha zonse zakunja galimoto n'kumaoneka ngati yatuluka kufakitale ku Solihull dzulo, chigoba chikuwola mkati. Ku England amathira mchere m'misewu nyengo yachisanu, ndiye ganizirani chitsulo chomwe chamwa mchere zaka 50.

Tsiku lomwe tinaikweza pa dzenje ku galaja ku Limbe sindidzaliiwala. A makaniko anga, bambo achikulire omwe akhala akukonza ma Land Rover moyo wawo wonse, anatenga sikuludiraiva n'kugogoda pansi pa chitseko chakumbuyo. Inalowa ngati mu chinangwa chophika. Atasolola, dzimbiri linayoyokera pa nsapato zanga. Anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, galimotoyi ichira, koma mupirire." Tinamasula mapiko onse anayi. Mbali zonse ziwiri za pansi pa zitseko zinali zitadyeka, pansi pa buti pali dzenje lolowa chikhatho, lomatidwa ndi phala n'kupakidwa utoto wakuda. Mwamwayi khoma la pakati pa injini ndi okwera linali labwino. Pa P6 khoma limeneli ndi lofunika kwambiri chifukwa masipuling'i akutsogolo ndi ogona, ndipo amatsamira pomwepo. Likanakhala lowola bwenzi ndalama zanga zonse zitapita m'madzi. Kuwotcherera kunatenga miyezi itatu. Nditawalembera a kampani aja ndi zithunzi, anayankha kuti galimoto yakale imagulidwa mmene ilili. Sanabweze ngakhale paundi imodzi.

Pali china chomwe ndikanakonda wina akanandiuza. Kuyambira 2018, galimoto yopitirira zaka 40 ku Britain siikakamizidwa kupita kukayezedwa chaka ndi chaka, kuyeza kuja amati MOT, kofanana ndi COF yathu. Wogulitsa akati galimotoyi siifuna MOT, mawuwo amamveka okoma, koma tanthauzo lake n'lakuti mwina palibe wayang'ana kunsi kwake kwa zaka zambiri. Uzani wogulitsa kuti akayezetse basi, kapena lipirani munthu wapadera wodziwa mtundu wa galimotoyo akaikweze m'mwamba n'kukujambulirani vidiyo. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi yomwe ndinapereka kwa owotcherera.

Za msonkho ndingonena mwachidule. Musaganize kuti ukalamba wa galimoto utsitsa msonkho. Pa galimoto yakale ya injini yaikulu, msonkho umakwera, ndipo injini iyi ndi ya 3528cc. Funsani ku MRA kapena kwa kiliyaring'i ejenti musanatumize ndalama, mudziwiretu. Ine zinandipezanso pa nthawi yoipa, chifukwa kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndisanamalize kulipira zonyamulira, ndipo kupeza mapaundi kubanki kunali kovuta. Kulembetsa ku Road Traffic sikunavute, poti chiwongolero chili kumanja monga magalimoto athu onse. Sipidomita yokha ndiyo imawerenga mamailosi, ndiye ndinamata kapepala kondikumbutsa kuti 50 pamenepo ndi 80.

Tsopano galimoto yeniyeniyo. Injini yake ya V8 ndi ya aluminiyamu, yomwe Rover inagula pulani yake kwa Buick ya ku America, ndipo ndi banja limodzi ndi ya mu Range Rover yoyamba ya 1970 komanso ma Land Rover a V8. Ichi ndi chimene chinandipulumutsa. Amakaniko athu akale amaidziwa injiniyi ngati khasu lawo, ndipo zina mwa zipangizo zake zimapezeka konkuno. Makabuleta awiri a SU anawalinganiza ndi khutu, atagwirizira paipi pakhutu kumvetsera mpweya. Chomwe muyenera kusintha tsiku loyamba ndi mapaipi a labala a mafuta. Petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Chikwawa, ndipo labala yakale siipirira. Yanga inayamba kudontha pa sabata yachiwiri, pafupi ndi injini yotentha. Tinabwezanso taiming'i pang'ono, poti injini za zaka zimenezo anazipangira petulo wamphamvu kuposa wa pa mafiling'i athu.

Mabuleki akumbuyo ndi ovuta kukonza. Sali kumateyala koma mkati, pafupi ndi difu, ndipo kuwafikira kumafuna dzenje ndi mtima wodekha. Zipangizo zake ndinaitanitsa ku England. Mateyala ndi a 185 R14; musalole kuti akuikireni a minibasi ngakhale saizi ikufanana, ndi ouma ndipo amapha kufewa konse kwa galimotoyi. Mafuta imamwa, pafupifupi makilomita asanu ndi awiri pa lita ndikamayenda ulendo wautali, m'tauni kucheperapo. Nthawi ya mizere ya mafuta imangokhala m'galaja. Ilinso pafupi ndi nthaka, choncho mahampu ndimawakwera chopingasa ndipo misewu yafumbi nthawi ya dzinja sindiyerekeza.

Koma ikagwira tala, mumamvetsa chifukwa chake P6 inapambana mphoto yoyamba ya galimoto yabwino ya chaka ku Ulaya mu 1964. Pa msewu wa Limbe kupita ku Thyolo, m'makona muja mwa minda ya tiyi, imakhazikika osagwedera, injini ikung'ung'udza pansipansi, giya ikusintha yokha mosamveka. Mwezi wathawu ndinakawatenga bambo anga kumudzi. Ali ndi zaka 81 ndipo maso awo afooka, koma atangokhala anatambasula dzanja n'kupeza kachingwe kotsegulira mafuta osungira, kaja umakoka thanki ikatsala pang'ono kuuma, osachita kufufuza. Anandiuza kuti ndizime wailesi kuti amve injini, ndipo tinayenda choncho mpaka ku Luchenza.